GALIMOTO YOPANDA BUKU SI YANU, NGAKHALE MULIPIRE NDALAMA ZONSE

Kuyambira mwezi wa June kufikira September ndalama zimayenda m'midzi ya ku Tamanda ndi madera onse ozungulira Chipata. Alimi amakhala atagulitsa fodya, soya, nshawa, thonje ndi cimanga, ndipo ambiri amene anacita bwino amaganiza zogula kagalimoto kakale kuti kazinyamula feteleza ndi zokolola, kapena kuthamangitsa wodwala kucipatala usiku. Maganizo amenewa ndi abwino. Koma nyengo yomweyo ndi imene amaonekera anyamata obvala bwino, oyendetsa galimoto yonyezimira, amene mtengo wao umatsika modabwitsa, ndipo mukawafunsa buku amayankha kuti lili ndi mlamu ku Lusaka, lidzabwera sabata ya mawa.

Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti ng'ombe sagula madzulo kwa mlendo. Amafuna kalata ya anyakwawa, mboni, ndi cilolezo ca a zaziweto asanaiyendetse. Cimene cimadabwitsa ndi cakuti munthu yemweyo, wocenjera pa ng'ombe imodzi, amapereka mtengo wa ng'ombe khumi pa galimoto, nalandirako kapepala kolembedwa pa bondo.

Buku limene tikunena ndi lija anthu amalicha buku loyera, kapena White Book m'cinenero ca ku ofesi. Limaperekedwa ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la caka ca 2002. M'menemo mumalembedwa dzina la mwini, nambala ya galimoto, nambala ya injini, nambala ya chasisi, mtundu wace ndi maonekedwe ace. Pamaso pa Boma, amene dzina lace lili m'kaundula wa RTSA ndiye woyankha za galimotoyo. Makiyi ali m'thumba mwanu sacitira umboni ciri conse.

Bvuto loyamba ndiponso lalikulu ndi la kuba. Lamulo la malonda limene makhoti athu amatsata likunena kuti munthu sangagulitse cinthu cimene si cace. Wakuba alibe umwini, cotero palibe umwini umene angakupatseni. Tsiku limene apolisi adzaipeza galimotoyo adzaitenga, ndipo mlandu ukatha idzabwerera kwa mwini wace weni-weni kapena ku kampani ya inshuwaransi imene inamlipira. Inu mudzauzidwa kuti ndalama zanu mukazifune kwa amene anakugulitsani, munthu amene simudziwa mudzi wace, amene foni yace inaleka kulira tsiku lomwe munamlipira.

Ndipo nkhani siithera pa kutaya ndalama. Buku la malamulo a milandu, Penal Code, pa ndime 318 likuti wolandira kapena wosunga katundu alikudziwa, kapena ali ndi cifukwa coganizira kuti ngwakuba, angathe kumangidwa zaka 7. Taonani mau akuti "cifukwa coganizira." Woweruza adzakufunsani kuti: galimoto yotere munaigula pa theka la mtengo wace, popanda buku, kuseri kwa sitolo, kodi inu simunakaike? Kunena kuti "sindinadziwe" kumabvuta kukhulupirika pamene zizindikiro zonse zinali poyera. Wakuba galimoto mwini wace cilango cace cimayambira pa zaka 5, ndiye cifukwa cace amafulumira kuitula m'manja mwa wina.

Ife a kuno tiri pa malire, ndipo ici cimaonjezera ngozi. Kucokera ku Tamanda munthu amalowa m'Malawi ndi miyendo. Cipata ca lamulo ciri pa Mwami, pamene mu December 2022 atsogoleri a maiko awiri, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, anatsegula ofesi imodzi yogwirira pamodzi nchito za malire a Mwami ndi Mchinji. Kumwera kuli cipata ca Chanida colowera ku Tete m'Mozambique. Koma pakati pa zipata zimenezi pali tinjira tambiri ta m'minda, ndipo galimoto yobedwa ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Johannesburg ingathe kugona m'mudzi mwathu itabvala nambala ya Zambia imene inacotsedwa pa galimoto ina yakufa.

Ena amaganiza kuti cobedwa kutali ncoiwalika. Kale zinali conco, koma mu 1995 akulu a polisi a maiko a kumwera kwa Africa anakumana ku Victoria Falls napanga bungwe la SARPCCO, ndipo imodzi mwa nchito zace zazikulu ndiyo kulondola magalimoto akuba odutsa malire. Bungwe la Interpol, limene likulu lace lili ku Lyon m'dziko la France, limasunga m'makompyuta nambala za magalimoto obedwa m'maiko ambiri. Wapolisi akalowetsa nambala ya chasisi, mbiri ya galimoto imaturuka ngakhale papite zaka.

Bvuto laciwiri ndi la msonkho. Galimoto ingathe kukhala yosaba konse, koma yolowa m'dziko mozemba. Magalimoto ambiri akale amene timaona pa mseu wa Great East anacokera ku Japan, natsikira pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, nalowera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Iri yonse iyenera kulipiridwa msonkho ku Zambia Revenue Authority, ZRA, ndipo a ZRA amapereka cikalata cosonyeza kuti msonkho wathedwa. Popanda cikalata cimeneci a RTSA sangailembe m'kaundula. Palinso magalimoto a alendo amene amaloledwa kulowa kwa masiku owerengeka cabe ndi pepala la kanthawi. Otere saloledwa kugulitsidwa muno msonkho usanalipidwe. Mukagula, ngongole ya msonkho imatsata galimoto, siitsata amene anathawa. A kasitomu ali ndi mphamvu yoilanda, ndipo kawiri-kawiri msonkho pamodzi ndi faindi zimaposa ndalama zimene munaganiza kuti mwapulumutsa. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthawi zina buku limasowa cifukwa lili ku banki kapena kwa wobwereketsa ndalama, amene analisunga ngati cikole. Kuyambira pa lamulo la 2016 zikole za katundu wotere zimalembedwa ku PACRA, ndipo munthu angathe kufufuza kumeneko. Nthawi zina ndi galimoto ya masiye, imene mwana mmodzi wagulitsa abale ace osadziwa. Wololedwa kugulitsa ndi yekhayo amene khoti linamuika kuyang'anira cuma ca womwalira.

Nanga mlimi wofuna kugula acite ciani? Coyamba aone buku leni-leni, osati fotokope, ndipo dzina la m'buku lifanane ndi la pa reji ya wogulitsa. Ngati wogulitsa akuti watumidwa, mwini wace aoneke. Kenaka atsegule boneti, apukute fumbi ndi girizi, awerenge yekha nambala ya chasisi ndi ya injini, ciri conse ndi cilembo cace, kuyerekeza ndi za m'buku. Magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi ku South Africa ali ndi nambala ya zilembo 17, pamene opangidwira msika wa ku Japan ali ndi yaifupiko, cotero kufupika kokha kusakuopseni. Coopsa ndi pamene malo a nambalayo aoneka opalidwa, owocherera kapena opakidwa penti watsopano, kapena zilembo zace ziri zokhota ngati zokhomedwa ndi dzanja. Tengani makanika wanu, osati amene wabwera ndi wogulitsa.

Mukakhutira, musalipire pansi pa mtengo. Kwerani nonse awiri mupite ku Chipata, kumene kuli apolisi, a ZRA ndi a RTSA. Apolisi aiyese ngati siinabedwe, a RTSA aipime ndi kusintha dzina, kalata ya malonda ilembedwe pamaso pa mboni ndi nambala za reji za nonse. Ulendowu udzakudyerani mafuta ndi tsiku limodzi kapena awiri. Wogulitsa woona sakana ulendo umenewu. Amene ayamba kunena za maliro a mwadzidzidzi kapena za wogula wina amene akudikira ndi ndalama m'manja, mlekeni apite.

Kusintha dzina nkofunika kwa wogulitsanso, pakuti galimoto ikagunda munthu kapena ikagwidwa itanyamula katundu wozembetsa, apolisi amayamba ndi dzina lili m'kaundula. Ndiponso popanda mapepala oongoka simungadule msonkho wa pamseu, ndipo inshuwaransi imene lamulo limafuna pa galimoto iri yonse ingakaniridwe kulipira. Tsiku la ngozi cipukuta-misozi ca wobvulala cidzacokera m'khola mwanu.

Zonsezi zikukhudzanso njinga zamoto, zimene zaculuka kwambiri m'njira za ku Tamanda ndi ku Chipata, zambiri zopanda nambala, zina zoolotsedwa usiku kucokera kutsidya. Pamaso pa lamulo njinga yamoto ndi galimoto: ifunika cikalata ca msonkho, buku, nambala ndi inshuwaransi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Wogula yatsopano m'sitolo atenge lisiti yokhala ndi nambala ya felemu ndi ya injini, pamodzi ndi mapepala a kasitomu, asanaturuke nayo pakhomo.