Chinsinsi cha Chigumu cha pa Khirisimasi

Mwezi wa Disembala ukalowa, pamene mvula yakhazikika ndipo makasu ali kalikiliki m'minda kuyambira ku Manyamula kufikira ku Khosolo, pamenenso mabasi ochokera ku Johannesburg ayamba kutsitsa ana athu ndi akatundu awo pa Jenda ndi pa boma la Mzimba, amayi ambiri amadza kwa ife aphunzitsi a zosamalira pakhomo ndi funso limodzi: kodi munthu wopanda uvuni wa magetsi angaphike bwanji chofufumitsa choyenera tsiku la kubadwa kwa Ambuye? Amafunsa mwaulemu ndi motsitsa mawu, monga ngati ife tili ndi mankhwala amene timawabisa. Tsono popeza safunsa anadya phula, ndipo wofunsa sayenera kubwezedwa chimanjamanja, ndati ndiyale poyera zimene ntchito yathu imadziwa.

Chimene chimachititsa anthu mantha ndicho mbiri ya maphunzirowa. Kuyambira mu 1902, pamene mbusa Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kudza ku Loudon, kumene lero timati ku Embangweni, ndipo mkazi wake, mayi Agnes Fraser, amene anali dokotala, anadzipereka kuphunzitsa amayi za ukhondo wa pakhomo, anthu akhala akuyesa kuti kuphika zofufumitsa ndi nzeru ya kumishoni, yodziwa okhawo amene anapita kusukulu. Komatu agogo athu, amene ankatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, nasefa madzi paphulusa lake kuti apeze chidulo chophikira therere, anali atagwira kale mchira wa nzeru yomweyi, pakuti chidulo ndi soda wa m'sitolo ali pachibale, ndipo ntchito yawo mumphika ndi yofanana.

Nkhani yonse yagona apa: soda payekha satupitsa bwino kanthu, koma akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo, potsekeredwa m'kati mwa ufa wokanda, ndiwo umakweza chigumu. Ife a dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumene ng'ombe zili m'makola ambiri, tinadalitsidwa ndi chambiko, chimene chili chowawasa chabwino koposa pa ntchito imeneyi. Ndipo wopanda chambiko angathire supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu m'kapu ya mkaka, nadikira mphindi 10 kuti ugwirane. Muyeso wake ndi theka la supuni yaing'ono ya soda pa kapu imodzi ya chambiko. Wopyola pamenepo, poganiza kuti kuchulutsa soda ndiko kuchulutsa kufufuma, adzapeza chigumu chake chitada, chikumveka sopo m'kamwa, chifukwa soda wotsala, wosowa chowawasa chokumana naye, amangokhala momwemo. Baking powder wa m'kachitini sali china ayi, koma soda yemweyo wosakanizidwa kale ndi chowawasa chouma, n'chifukwa chake iye amakhutira ndi madzi kapena mkaka wamba. Yisiti ndiye wina ndithu, pakuti ndi chamoyo chimene chimadya shuga ndi kupuma mpweya. Amafuna madzi ofunda ongokwanira kuviikamo chala, amafa ndi madzi otentha, ndipo amafuna nthawi, monga anadikira mkazi uja wa m'fanizo la Uthenga Wabwino amene anabisa chotupitsa muufa.

Palinso kusiyana kwa ufa. Ufa wa tirigu ukakandidwa umanyududuka, motero umagwira mpweya wambiri. Ufa wa chimanga ulibe mphamvu imeneyo, ndipo chigumu sichidzapepuka konse monga buledi, ngakhale wophikayo akhale katswiri wotani. Chimene chimathandiza ndicho dzira ndi nthochi, zimene zimamanga ufawo pamodzi. Tengani makapu 2 a mgaiwa wosefa, nthochi 3 zakupsa kwambiri zokanya, dzira limodzi, kapu ya chambiko, masupuni aakulu 3 a mafuta, kamchere, ndi shuga monga m'thumba mulolera. Soda mumsakanize ndi ufa wouma, ndipo mukangothira chambiko musazengereze, pakuti mpweya umayamba kutuluka nthawi yomweyo, ndipo ukathawira kunja subwereranso.

Za uvuni zisakusowetseni tulo. Uvuni ndi malo otsekeka osunga kutentha kumbali zonse, ndipo poto wamkulu wothiridwa mchenga wouma wa kumtsinje, wokuya ngati zala zitatu, wokhazikidwa pa mbaula, ndi makala ena pa chivundikiro chake, amachita ntchito yomweyo. Mchengawo, umene mbale ya chigumu imakhalapo, umaletsa kuti pansi pasapserere pamwamba pasanapse. Mabuku athu amanena madigiri 180, koma wopanda choyezera awaze kaufa pa chitsulo m'kati mwa potomo: ukafiira pang'onopang'ono moto wakwana, ukada msanga achepetse makala. Mphindi 20 zoyamba chivundikiro chisatsegulidwe, chifukwa mphepo yozizira imagwetsa chimene chinali kukwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikakwana mphindi 40, lasani pakati ndi kamtengo koyera, ndipo kakatuluka kouma, chapsa. Momwemonso ndi mandasi ndi zitumbuwa: mafuta ozizira amalowerera m'kati, otentha kwambiri amadetsa kunja m'kati muli mwamuwisi, koma oyenera ndi amene kachidutswa koponyedwamo kamayandama msanga kakuchita thovu.

Pa za ndiwo ndinene chimodzi chokha. Soda yemwe ali bwenzi m'chigumu ali mbala m'masamba, pakuti ngakhale amafewetsa nkhwani ndi bonongwe, amaononga mavitamini ena amene thupi limafuna, makamaka m'miyezi ino pamene nkhokwe zapepuka. Pambali pa nkhuku ndi mpunga wa tsikulo ikani masamba ophika kanthawi kochepa ndi tomato ndi anyezi wa pa Jenda, kapena bowa wa m'nkhalango ya Perekezi, pokhapokha ali wa mtundu umene akuluakulu akuudziwa bwino, chifukwa kuphika sikuchotsa ululu wa bowa wakupha. Mango ndi masuku, zimene Mulungu wapereka mwaulere nyengo ino, zimaposa zakumwa za m'botolo.

Ana nawo asakhale ongoyembekeza mbale. Ufa wa chinangwa wophikidwa ndi madzi kufikira utananda ndiwo guluu wokwanira kumatira mapepala akale a kusukulu kuti akhale unyolo wokongoletsa chipinda, ndipo makoko a chimanga oviikidwa m'madzi amapindika bwino kukhala tizidole. Anyamata athu, amene kuyambira kale amaumba ng'ombe zadongo zamalunda kubusa, angaumbe khola lonse la ku Betelehemu ndi abusa ake. Muwauze kokha kuti aumitse zoumbazo pamthunzi, pakuti padzuwa kunja kumauma msanga m'kati mukali chinyezi, ndipo dongo limang'aluka.

Chimene ndikupempha makolo, ndi amayi a Umanyano ndi a mipingo yonse, ndicho kuti pochita zonsezi muzinena chifukwa chake. Mwana amene wangouzidwa kuti athire soda adzafuna mayi wake pambali masiku onse, koma amene wauzidwa chifukwa chimene soda amafunira chambiko adzadziwa yekha chochita tsiku limene chambiko chasowa, ngakhale ali kutali kwa eni. M'mera mpoyamba: chaka chino mpatseni mwanayo supuni, mtsikana ndi mnyamata yemwe, ayese yekha muyeso, ndipo inu mungoyang'anira moto.