Adokotala a mafupa ndi zitsulo za pamsongolo

Mwendo wokhomedwa zitsulo umaopsa kuuona. Misomali inayi imaboola khungu n'kulowa m'fupa la msongolo, iwiri kumtunda kwa bala, iwiri kumunsi, ndipo kunja kwake imalumikizidwa ndi ndodo yachitsulo yomangidwa ndi sipanala. Achipatala amati external fixator, koma odwala ndi magadiyani amangoti zitsulo. Pakati pa misomaliyo bala limakhala poyera, ndipo cholinga chake n'chomwecho: fupa ligwire nji, koma namwino azitha kutsuka bala. Chikhakha chimaphimba zonse, mafinya n'kumadzadza mkati anthu osadziwa.

Bala la chipolopolo ndilo limafuna zitsulozi kwambiri. Pakhungu pamangooneka kabowo, pomwe mkati fupa laphwanyika ngati mbiya yogwa pansi, nsanza za buluku ndi dothi zitalowera komweko. Mabala otere si ochuluka kwathu kuno. Amabwera ndi achifwamba, mfuti ya gogodela, kapena tsiku loipa ngati la zionetsero za pa 20 July 2011, zomwe zidaphetsa anthu 20, angapo mwa iwo ku Mzuzu. Masiku onsewa zothyola mafupa mpaka kutulukira kunja ndi njinga zamoto za kabaza ndi magalimoto a pamsewu wa M1. Chithandizo chake sichisiyana kwenikweni ndi cha bala la chipolopolo.

Wovulala wochokera ku Jenda, ku Edingeni kapena ku Embangweni akafika pachipatala chachikulu pa Mzimba boma, amene amamulandira kawirikawiri si katswiri wa maopaleshoni. Ndi orthopaedic clinical officer, yemwe anthu amangomuti adokotala a mafupa. Ntchitoyi idayamba mu 1985, pamene Dr Ed Blair wa ku Canada, mothandizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, adatsegula maphunziro a miyezi 18 ku Blantyre. Pofika 2008 anthu 117 adali ataphunzira, ndipo Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake adalemba kuti iwowa ndiwo ankasenza ntchito ya mafupa yosachepera 80 pa 100 iliyonse m'dziko muno.

Anthu a ntchitoyi sayamba ndi kukamba za zitsulo. Amakamba za kutsuka. Amati mwendo umapulumuka kapena kutayika usiku woyamba: jekeseni wopha tizilombo abayidwe msangamsanga, wa kafumbata atsatire, kenako wodwala alowe ku fiyeta. Kumeneko amadula mnofu wonse wakufa mpaka atafika pofiira potuluka magazi, amatola tizidutswa ta fupa tomwe tangoti mbwee, n'kutsira madzi a mchere malita ndi malita. Akamaliza, bala salisoka. Apa abale amadandaula, "Adokotala, bwanji mwanayu mwangomusiya osamusoka?" Ndiye mkulu uja, atatopa kale, amafotokoza mofatsa, nthawi zambiri m'Chitumbuka, kuti kusoka bala la mfuti tsiku lomwelo ndi kutsekera matenda mkati. Ngakhale madokotala a Red Cross kumalo a nkhondo amadikira masiku anayi kapena asanu, aone kaye ngati bala layera.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti luso lilipo, koma zida n'zosowa. M'zipatala zambiri za m'maboma zitsulozi n'zochepa, moti adokotala a mafupa amadalira chikhakha choboola zenera pabala, kapena kukoka mwendo ndi cholemera pabedi kwa milungu yambiri. Ndondomeko yomwe Malawi Orthopaedic Association ndi AO Alliance adatulutsa mu 2020 imati mabala aakulu kwambiri azitumizidwa kuchipatala chachikulu cha m'chigawo. Kwa munthu wa ku Mzimba ndiye kuti ku Mzuzu, makilomita oposa 100 kudzera ku Chikangawa, fupa likugwedera msewu wonse ngati silinamangidwe bwino.

Ndodo ya zitsulozi ndi zomangira zake zimawiritsidwa n'kugwiranso ntchito pa wina. Choncho wodwala akatuluka nazo kupita kumudzi, adokotala amatsala ndi nkhawa ziwiri. Amaopa kuti pa misomali payamba kutuluka mafinya chifukwa chosatsuka, ndiponso amadziwa kuti zitsulo zapitazo wovulala wotsatira azisowa. N'chifukwa chake amachita kuchonderera kuti, "Bambo, tsiku lomwe talemba m'bukhumu musaphonye." Komatu mlimi amene sanagwire khasu miyezi itatu ndalama ya basi aipeza kuti? Ena amabwera mochedwa, msomali utakhwepa, fupa litayamba kuwola mkati, ntchito yonse ya usiku uja n'kuyambiranso.

Chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION chomwe chidatsegulidwa ku Lilongwe n'chonyaditsa, koma wovulala wa ku Edingeni sangafikeko usiku woyamba. A Unduna wa Zaumoyo, ikani zitsulozi, zoboolera fupa ndi mankhwala okwanira m'zipatala za m'maboma, pakuti adokotala a mafupa ali komweko kale.