Manu Ginóbili: Anafika ku NBA Atapsa Kale

Funso: Tikamva Argentina timaganiza za Maradona ndi Messi. Nanga katswiri wa basketball ameneyu anatulukira kuti?

Yankho: Anatulukira ku Bahía Blanca, mzinda wa padoko kum'mwera kwa chigawo cha Buenos Aires, komwe anabadwa pa 28 July 1977. Mzindawu amautcha likulu la basketball m'dzikomo, ndipo kunyumba kwawo masewerawa anali ngati nsima. Bambo ake, a Jorge, ankaphunzitsa pa kalabu ya Bahiense del Norte, pomwe akulu ake awiri, Leandro ndi Sebastián, ankadyera mpira womwewu. Emanuel, yemwe tonse timangoti Manu, anakulira pabwalo monga mwana wa msodzi amakulira pagombe. Ali mnyamata anali wamfupi ndi wowonda, thupi linachita kubwera mochedwa mpaka kufika mamita 1.98.

Funso: Kwawoko anasewera nthawi yaitali bwanji?

Yankho: Zaka zitatu zokha. Mu 1995, ali ndi zaka 18, anayamba ndi timu ya Andino ku La Rioja, ndipo chaka chotsatira anabwerera kwawo kukasewerera Estudiantes mpaka 1998. Ndi zaka zochepa, koma musazipeputse. Ligi ya dziko lonse ya Argentina inali itangoyamba mu 1985, makamaka chifukwa cha khama la mphunzitsi León Najnudel, amene ankafuna kuti anyamata a m'zigawo azilimbana ndi akuluakulu sabata ndi sabata. M'ligi imeneyi ndi momwe munachokera Ginóbili, Fabricio Oberto, Andrés Nocioni ndi Luis Scola. Amene amati mbadwo umenewu unangogwa ngati mvula ya chizimalupsa akuiwala munda umene unalimidwa zaka khumi m'mbuyomo.

Funso: Bwanji anapita ku Italy m'malo molunjika ku America?

Yankho: Chifukwa America inali isanamufune. Komanso makolo ake akale anachokera ku Italy, choncho anali ndi mwayi wokhala nzika ya dzikolo, zomwe zinkatanthauza kuti timu yomulemba sinkamuwerengera pa malo ochepa a osewera akunja. Mu 1998 anapita ku Viola Reggio Calabria, timu ya ligi yachiwiri, n'kuithandiza kukwera m'ligi yaikulu.

Mu 1999 dzina lake linatuluka pa draft ya NBA, ligi yaikulu ya ku America. Uwu ndi mwambo wa chaka ndi chaka pomwe matimu amasinthana kusankha osewera atsopano, ndipo matimu amene sanachite bwino ndiwo amayamba. Chaka chimenecho anasankhidwa anthu 58, Ginóbili anali wa nambala 57. San Antonio Spurs inangosunga ufulu womulemba, iye n'kutsala ku Italy.

Kutsalako ndiye kunamupanga. Mu 2000 anasamukira ku Kinder Bologna m'manja mwa mphunzitsi Ettore Messina, munthu wosalola masewera a chisawawa. Mu 2001 timuyi inatenga ligi ya Italy, chikho cha Italy ndi EuroLeague, chikho chachikulu cha makalabu a ku Ulaya, itagonjetsa Tau Cerámica ya ku Spain m'masewera atatu mwa asanu. Ginóbili ndiye anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse m'ndime yomalizayo. Pofika ku San Antonio mu 2002 anali ndi zaka 25, atanyamulapo kale timu pamapewa. Ambiri amafika ku NBA kudzaphunzira ali pabenchi. Iye anafika atadziwa kale kulemera kwa mpira wa mphindi yomaliza.

Funso: Ankasewera motani kuti anthu azimukumbukira chonchi?

Yankho: Anali wamanzere, ndipo sankayenda njira yowongoka. Tayerekezani akuthamangira ku basiketi, chimphona chitaima kutsogolo kwake. Amagwira mpira ndi manja onse, phazi loyamba kuliponya kumanja ngati akudzera kumeneko. Wotchinga akangopendekera uko, phazi lachiwiri lalumphira kale kumanzere, mpira wakwera ndi dzanja lamanzere, wotchinga watsala akukumbatira mphepo. Kaponderedwe kameneka amakatcha Eurostep. Sanakayambitse ndi iye, koma ndi iye amene anakatchukitsa ku NBA, moti lero ngakhale ana akusewera kuseri kwa sukulu amakayeserera.

Mphunzitsi wa Spurs, Gregg Popovich, anali munthu wa dongosolo ngati msilikali, ndipo poyamba mipira imene Ginóbili ankapatsira osayang'ana inkamuimitsa mutu. M'kupita kwa nthawi anamuleka azisewera mwa chibadwa chake. Pamodzi ndi Tim Duncan ndi Tony Parker anatenga zikho zinayi: 2003, 2005, 2007 ndi 2014.

Funso: Ngati anali katswiri chotere, bwanji ankayambira pabenchi?

Yankho: Apa ndi pomwe ine ndimamuvulira chipewa. Mwa masewera 1,057 a m'ligi amene anasewera m'zaka 16, anayamba nawo 349 okha. Popovich anaona kuti Duncan, Parker ndi Ginóbili akayambira limodzi, mpira umawachepera, ndipo akatuluka kukapuma timu imazizira. Ndiye anapempha Manu kuti azilowa mochedwa, azitsogolera gulu lachiwiri. Munthu amene anali atasankhidwa kale mu All-Star, masewera a akatswiri osankhika a NBA, mu 2005 anavomera. Mwina zinamutayitsa ndalama zimene akanapeza kutimu ina, koma masewera akafika pothina kumapeto, iye amakhala ali m'bwalo. Mu 2008 analandira mphoto ya wosewera bwino kuposa onse oyambira pabenchi.

Funso: Nanga dziko lake analichitira chiyani?

Yankho: Zazikulu kuposa zonse zimene tatchulazi. Mu 2002, pa mpikisano wa dziko lonse ku Indianapolis, Argentina inagonjetsa United States 87-80, koyamba kuti timu ya America yokhala ndi osewera a NBA igonje pa mpikisano wa mayiko. Ginóbili anavulala kakolo m'semifainolo, ndipo Argentina inagonja kwa Yugoslavia m'ndime yomaliza.

Patapita zaka ziwiri, pa Olimpiki ya ku Athens, masewera awo oyamba anali ndi Serbia ndi Montenegro, adani omwe aja atangosintha dzina. Argentina ili m'mbuyo ndi pointi imodzi, nthawi itatsala yosakwana sekondi, Ginóbili analandira mpira akuthamanga, n'kuuponya thupi likugwa chagada. Unagunda bolodi n'kulowa, 83-82. Mphunzitsi Rubén Magnano anathamanga kuzungulira bwalo ngati mwana. M'semifainolo anakumananso ndi United States, momwe munali Duncan, mnzake wa ku Spurs, ndi Allen Iverson. Ginóbili anamwetsa mapointi 29, Argentina n'kupambana 89-81, kenako inagonjetsa Italy 84-69 n'kutenga mendulo ya golide. Kuyambira 1992, pomwe osewera a NBA anayamba kulowa Olimpiki, chaka cha 2004 chokha ndi chomwe golide wa amuna sanapite ku America.

Funso: Kodi analibe pophonya?

Yankho: Analipo, ndipo pena pankapweteka. Mu 2006, m'masewera achisanu ndi chiwiri a ndime yochotsana ya NBA olimbana ndi Dallas, anachita faulo yosafunikira pa Dirk Nowitzki Spurs ikutsogola ndi mapointi atatu. Dallas inafananitsa n'kupambana m'nthawi yowonjezera. Mu 2013 anataya mipira isanu ndi itatu m'masewera achisanu ndi chimodzi a ndime yomaliza ndi Miami, chikho n'kupulumuka m'manja. Wosewera wolimba mtima amalipira motero. Ndi munthu yemweyu amene mu 2009 anamenya mleme ndi dzanja utalowa m'bwalo pakati pa masewera, pambuyo pake n'kukabayitsa katemera wa chiwewe.

Funso: Kodi anabwerera kukamalizira mpira kwawo?

Yankho: Ayi. Anapuma pa 27 August 2018 ali ndi zaka 41, akadali wa Spurs, ndipo mu 2019 timuyi inapachika nambala yake, 20, kuti wina asadzaivalenso. Mu 2022 analowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a basketball. Ligi ya kwawo sinamuonenso chichokereni mu 1998, koma jezi ya Argentina anaivala kuyambira chaka chomwecho mpaka 2016. Masewera ake omaliza a dziko lake anali ku Rio de Janeiro, komwe anagonja kwa United States m'kotafainolo. Anatuluka m'bwalo akulira, mpira wa masewerawo uli m'khwapa.