Resonator network

Resonator network ndi njira yowerengera pakompyuta imene imaphwanya vector yaitali kwambiri kuti ipeze ma vector amene anachulukitsidwa poipanga. Njirayi inafotokozedwa mu 2020 ndi E. Paxon Frady, Spencer Kent, Bruno Olshausen ndi Friedrich Sommer a ku Redwood Center for Theoretical Neuroscience, pa yunivesite ya California ku Berkeley, m'nkhani ziwiri zimene zinatuluka m'magazini ya Neural Computation. M'malo moyesa mayankho limodzilimodzi, njirayi imawasakaniza onse pamodzi n'kumawasefa mpaka litatsala limodzi.

Chiyambi

Vector ndi mndandanda wa manambala oikidwa motsatana. Mu nthambi ya sayansi ya makompyuta yotchedwa hyperdimensional computing, kapena vector symbolic architectures, chinthu chilichonse chimaimiridwa ndi vector yokhala ndi manambala masauzande, kawirikawiri 10,000. Tony Plate analemba za njira yotere mu 1995, ndipo Pentti Kanerva anaifalitsa kwambiri ndi nkhani yake ya mu 2009. Mu mtundu wosavuta, nambala iliyonse imakhala +1 kapena −1, ndipo imasankhidwa mwachisawawa ngati poponya ndalama yachitsulo.

Ma vector awiri opangidwa chonchi amafanana pa malo pafupifupi theka. Ngati ali ndi manambala 10,000, nthawi zambiri amagwirizana pa malo apakati pa 4,900 ndi 5,100. Kugwirizana kotereku kumaonedwa ngati kusafanana konse. Ma vector amati ndi ofanana pokhapokha akagwirizana pa malo ochuluka kwambiri kuposa pamenepa.

Pofuna kumanga zinthu ziwiri pamodzi, ma vector ake amachulukitsidwa malo ndi malo: nambala yoyamba ndi yoyamba inzake, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka kumapeto. Mwachitsanzo (+1, −1, +1, +1) kuchulukitsa ndi (−1, −1, +1, −1) kumapereka (−1, +1, +1, −1). Popeza +1 × +1 ndi 1, komanso −1 × −1 ndi 1, munthu akachulukitsanso zotsatirazo ndi vector yoyamba ija, yachiwiri imabwerera yonse. Choncho kumasula n'kosavuta kwa amene akudziwa kale mbali zina za mfundoyo.

Vuto lake

Zinthu zimavuta pamene palibe mbali ngakhale imodzi yodziwika. Tiyerekeze kuti kompyuta yalandira vector imodzi yoimira chinthu cha pa chithunzi, yopangidwa pochulukitsa ma vector atatu: ya mtundu wa chinthucho, ya maonekedwe ake, ndi ya malo pamene chili. Kompyutayo ili ndi nkhokwe zitatu za ma vector odziwika, zimene akatswiri amazitcha codebook: ya mitundu 100, ya maonekedwe 100, ndi ya malo 100. Ma vector osungidwa ndi 300 okha, koma njira zowaphatikizira ndi 100 × 100 × 100, kutanthauza 1,000,000. Kuwonjezera nkhokwe yachinayi, monga ya kukula kwa chinthucho, kumafikitsa chiwerengerochi pa 100,000,000.

Choipa kwambiri n'chakuti kuyandikira yankho sikuoneka. Wina akalondola mtundu ndi maonekedwe koma n'kuphonya malo, vector imene wapeza imasiyana ndi yofunikayo mofanana ndendende ndi ya munthu amene waphonya zonse zitatu. Palibe chimene chimamuuza kuti watsala pang'ono. Vutoli limafanana pang'ono ndi kufufuza kuti 91 ndi 7 × 13, ngakhale kuti masamu ake ndi osiyana.

Mmene imagwirira ntchito

Njirayi imadalira khalidwe lina la ma vector aataliwa: akaphatikizidwa angapo, zotsatira zake zimafananabe pang'ono ndi iliyonse mwa iwo. Vector imodzi ikhoza kunyamula zongoyerekeza zambiri nthawi imodzi.

Poyamba, nkhokwe iliyonse imapereka chongoyerekeza chake, chimene chimangokhala ma vector onse a m'nkhokwemo ataphatikizidwa. Zili ngati kunena kuti mtundu wa chinthucho ndi mitundu yonse 100 pamodzi. Pofuna kukonza chongoyerekeza cha mtundu, kompyuta imachulukitsa vector yolandiridwa ija ndi chongoyerekeza cha maonekedwe komanso cha malo. Mkati mwa ziwirizi muli magulu onse 10,000 a maonekedwe ndi malo, ndipo limodzi mwa maguluwa ndi lolondola. Gulu lolondolalo limamasula mtundu weniweni, pamene ena onse amangobweretsa zisokonezo. Mtundu weniweniwo umakhalamo, koma mosaoneka bwino.

Kenako pamabwera kusefa. Zimene zatulukazo zimayerekezedwa ndi vector iliyonse ya m'nkhokwe ya mitundu. Yofanana nazo kwambiri imapatsidwa mphamvu zambiri, yosafanana nazo imapatsidwa zochepa, ndipo onse amaphatikizidwanso. Pomaliza, nambala iliyonse yoposa 0 imasanduka +1, yochepera 0 imasanduka −1. Gawo limeneli limafanana ndi mmene Hopfield network ya mu 1982 imakumbukirira chithunzi chathunthu kuchokera ku chowonongeka. Zomwezi zimachitikanso ku maonekedwe ndi malo, ndipo ntchito yonse imabwerezedwa.

Kwa kanthawi zongoyerekezazo zimangoyendayenda popanda dongosolo looneka. Koma chimodzi chikangoyandikira choonadi, chimachepetsa zisokonezo kwa ziwiri zinazo, nazonso zimathandiza choyambacho, ndipo m'maulendo ochepa zonse zitatu zimakhazikika pa yankho. Dzina la njirayi linachokera pa kugwirizana kwadzidzidzi kumeneku.

Mphamvu ndi zofooka

Ofufuza a ku Berkeley anayerekeza njirayi ndi zina zodziwika kale, monga alternating least squares ndi njira zotsata gradient, ndipo anapeza kuti imathana ndi mavuto aakulu kwambiri kuposa zimenezo. Anapezanso kuti kukula kwa vuto limene ingathe kumakwera molingana ndi utali wa vector kuchulukitsa ndi utali womwewo: vector ikatalika kawiri, malire ake amakula pafupifupi kanayi.

Mtengo wake ndi wakuti palibe chitsimikizo choti ifika pa yankho. Njira zinazo zimakhazikika nthawi zonse, koma kawirikawiri pa yankho lolakwika. Resonator network imayenda momasuka, n'chifukwa chake siikodwa msanga, koma nthawi zina imazungulira pa zongoyerekeza zomwezomwezo osatulukamo. Vuto likapitirira malire ake, kulondola kwake kumatsika mofulumira.

Mu 2023 ofufuza a IBM Research ku Zurich ndi a ETH Zurich, kuphatikizapo Abbas Rahimi ndi Abu Sebastian, anasonyeza m'magazini ya Nature Nanotechnology kuti kuzungulirako kungathetsedwe ndi zisokonezo zomwe. Iwo anagwiritsa ntchito tchipi ta phase-change memory, timene timawerengera momwemo mosungira zinthu ndipo sitipereka nambala yofanana ndendende ulendo uliwonse. Kusinthasintha pang'onoku, kumene mainjiniya nthawi zambiri amalimbana nako, n'kumene kumakankha njirayi kuti ichoke pamene yakodwa. Iwo ananena kuti anatha mavuto aakulu kuwirikiza ka 100,000 kapena kuposa poyerekeza ndi amene ankatheka kale. Mu 2024 gulu lina linaiyesa pa tchipi cha Loihi cha kampani ya Intel, pozindikira zinthu zimene zili pa chithunzi ndi malo ake.

Pa ntchito zonsezi nkhokwe zimayenera kukhalapo kale. Chinthu cha pa chithunzi chikakhala cha mtundu umene mulibe m'nkhokwe, njirayi singautchule.