Mukadina pa foni, amayankha ndani?

Tsamba lililonse limene mumatsegula pa foni limachokera mu kompyuta ya munthu wina. Kompyutayo ikhoza kukhala m'chinyumba chozizira ku Johannesburg, ku London kapena ku Virginia. Imayaka usana ndi usiku, ndipo ntchito yake ndi kudikira mapempho n'kumawayankha. Imeneyi ndiye seva. Foni yanu sikatenga yokha kanthu pa intaneti ayi, imangopempha kenako n'kudikira.

Zonsezi zinayambira ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi kufupi ndi Geneva. Mu 1989 Tim Berners-Lee analemba maganizo ake a momwe asayansi angamagawanirane zolemba kudzera m'makompyuta, ndipo pofika kumapeto kwa 1990 seva yoyamba ya masamba a pa intaneti inali itayamba ntchito pa kompyuta ya NeXT, atamatapo kapepala kochenjeza kuti wina asaizimitse. Malamulo a kapemphedwe ndi kayankhidwe amene anakonza, otchedwa HTTP, ndi omwe tikugwiritsabe ntchito lero, ngakhale akhala akuwonjezeredwa.

Tiyerekeze mtsikana ku Mchinji akufuna kuona zotsatira za mayeso. Akalemba dzina la tsamba, foni imayamba yafunsa makompyuta a DNS kuti dzinalo likuimira adiresi iti, poti makina amapezana ndi manambala. Ikaipeza, imalumikizana ndi seva n'kutumiza kauthenga kakafupi. Kamayamba ndi lamulo, kawirikawiri GET ngati munthu akungofuna kuona chinthu, kapena POST ngati akutumiza zimene walemba m'fomu. Pamakhalanso tina n'tina: mtundu wa brawuza (pulogalamu yotsegulira masamba), chiyankhulo chimene mwini foni amakonda. Pulogalamu yolandira alendo pa seva, monga Apache kapena Nginx, imapatsira pempholo pulogalamu ina, yomwe imakafufuza nambala ya mtsikanayo m'nkhokwe ya deta, kutenga magiredi ake ndi kuwayala bwinobwino. Tsamba limene iye akuona kunalibe mphindi yapitayo. Lapangidwa pompo, la iye yekha.

Yankho lililonse limabwera ndi nambala ya manambala atatu, ndipo ndikanakonda aliyense wogwira foni akanaidziwa. Zikayenda bwino imakhala 200, ndipo simuiona n'komwe. Zoyamba ndi 4 zimaloza kwa wopempha: 404 ndiye kuti chimene mwapempha kulibe, mwina mwalakwitsa kalembedwe kapena tsambalo anachotsa, 403 ndiye kuti seva yamva koma yakukanizani. Zoyamba ndi 5 zimaloza kwa eni tsamba: 500 pulogalamu yawo yasokonezeka, 503 seva yathodwa kapena akuikonza. Mukaona 503 musathamangire kukagula bandulo ina kapena kukwera pachulu kusaka netiweki. Uthengawo wakupezani chifukwa netiweki yanu ili bwino. Vuto lili uko.

Seva imathodwa bwanji? Zili ngati pachigayo nthawi yokolola: chigayo n'chimodzi, matumba ali mbwee, ndipo wogayitsa sangapose mphamvu ya injini yake. Seva nayo ili ndi malire a mapempho amene ingasamale nthawi imodzi. Tsiku lotuluka zotsatira, anthu zikwizikwi amadina pa ola limodzi, mzere umatalika, ndipo aliyense wotopa n'kudikira amadinanso. Kudina kulikonse ndi pempho latsopano, choncho mzere umangokulirakulira. Eni masamba akuluakulu amaika maseva angapo ndi makina ogawa mapempho pakati pawo, komanso amasunga pafupi mayankho a zinthu zofunsidwa kawirikawiri. Zimenezi zimadya ndalama, koma bungwe limene likudziwa tsiku limene anthu adzakhamukire pa tsamba lake liyenera kukonzekeratu.

Pa nkhani ya ndalama ndiye pofunika kudekha kwambiri. Mukadina batani lolipira, pempho likhoza kufika, ndalama n'kuchoka, koma yankho n'kusochera pobwerera. Inu mumangoona kachizindikiro kakuzungulira. Mukadinanso, pulogalamu yolembedwa mosasamala ikhoza kutenga ngati mwagula kachiwiri. Yambani mwaona uthenga wa kubanki kapena balansi yanu musanabwereze.

China chodabwitsa n'chakuti HTTP sikumbukira munthu. Pempho lililonse limafika ngati lachilendo, ngakhale mwangolowa ndi pasiwedi posachedwapa. Mu 1994 Lou Montulli wa ku Netscape anapeza njira: seva imapatsa brawuza kachizindikiro kotchedwa cookie, ndipo brawuzayo imakaonetsa pa pempho lililonse lotsatira. Ndiye kuti amene ali ndi kachizindikiroko, kwa seva, ndi inuyo. N'chifukwa chake mukabwereka foni ya mnzanu kapena kompyuta ya kuntchito, kungotseka tsamba sikokwanira. Tulukani mu akaunti. Onaninso kuti adiresi ikuyamba ndi https, chifukwa pamenepo uthenga umayenda wobisika ndipo ena a pa Wi-Fi yomweyo sangawerenge pasiwedi yanu.

Ndiye pali mtunda. Mu nthambo za faiba, kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, liwiro loopsa, koma tsamba limodzi limafuna mapempho ambirimbiri: chithunzi chilichonse, kanema, ngakhale zotsatsa malonda zimene simunazifune, ndipo zonsezo zimadya bandulo yanu. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, kotero mapempho athu opita kutali amadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti akapeze nthambo zapansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inayenda mwapang'onopang'ono m'maiko angapo a chigawo chino, Malawi yemwe. Maseva akunjawo anali bwinobwino, koma njira yokafikira kwa iwo ndiyo inachepa. Tsamba la sukulu ya ku Zomba likasungidwa pa seva ya ku Ulaya, wophunzira wa ku Zomba komweko amatumiza pempho lake kutsidya la nyanja kuti akamve za kalasi imene ili pafupi ndi kwawo, ndipo nthambo ikaduka iyenso amavutika nawo.