Mtima Wofooka: Kadyedwe ndi Kakhalidwe Koyenera

Mtima ndi mnofu umene umapopa magazi usana ndi usiku. Mnofuwu ukafooka, mtima umakula koma mphamvu zake zimachepa. Matendawa madokotala amawatcha cardiomyopathy. Nthawi zambiri satheratu, koma amene amamwa mankhwala ndi kusamala kadyedwe amatha kukhala zaka zambiri akugwira ntchito ndi kusamala mabanja awo.

Kodi amayamba bwanji?

Angayambe chifukwa cha kumwa mowa kwambiri, HIV, tizilombo tina tolowa mu mtima, kapena kutengera kumtundu. Amayi ena amadwala matendawa chakumapeto kwa mimba kapena atangobereka. Kuthamanga kwa magazi kosalandira mankhwala kumafooketsanso mtima. Matendawa si opatsirana, ndipo si ufiti.

Vuto lalikulu ndi mchere

Mchere umasunga madzi m'thupi. Mtima wofooka sungathe kupopa madzi onsewo, choncho amadzadza m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. N'chifukwa chake wodwala amatupa mapazi ndipo amabanika akagona chagada.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku. Imeneyi ndi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuphatikizapo mchere umene uli kale m'zakudya zogula. Kuyambira mu 2016, malamulo a South Africa amaletsa mafakitale kuika mchere wopitirira muyezo mu buledi, polony, supu wa m'mapaketi ndi zina, komabe zakudyazi zikadali ndi mchere wambiri.

Ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Jet Park ndi m'migodi amagula nkhomaliro pamsewu. Chenjerani ndi izi:

- kota, polony, russian, atchar, biltong ndi tchipisi;
- Aromat, Knorrox ndi supu wa m'mapaketi;
- nsomba ndi nyama za m'zitini;
- usipa kapena kapenta woumitsidwa ndi mchere;
- soda wothira mu therere kapena mu nyemba, chifukwa amagwira ntchito m'thupi ngati mchere.

Nanga mudye chiyani?

Simufunika zakudya zodula. Nsima ilibe vuto, koma musathiremo mchere monga amachitira ena kuno pophika pap. Ndiwo zikhale nyemba, nandolo, mazira, nkhuku yochotsa khungu, nsomba yaiwisi, kabichi, mpiru kapena bonongwe. Kometsani ndi anyezi, tomato, adyo, tsabola, ndimu kapena nsinjiro. Usipa wouma muziyamba mwauviika m'madzi ndi kutaya madziwo. Phikani madzulo ndi kutengako chakudya cha kuntchito. Poyamba ndiwo zidzamveka zosakoma, koma pakapita masabata ochepa lilime limazolowera.

Mayi kapena aliyense wophika pakhomo: chepetsani mchere mu mphika wa onse. Banja lonse lidzapindula.

Musagule mchere wolowa m'malo mwa mchere wamba musanafunse dokotala. Uli ndi potaziyamu wambiri, amene angakhale woopsa kwa omwa enalapril kapena spironolactone.

Madzi, mowa ndi fodya

Odwala ena amauzidwa kuti asapitirire lita imodzi ndi theka kapena malita 2 pa tsiku, kuwerengera tiyi, mahewu ndi thobwa. Musadziikire nokha muyezo. Ngati mumagwira ntchito pamalo otentha ndipo mumatuluka thukuta kwambiri, uzani dokotala. Mowa umawononga mnofu wa mtima, choncho usiyeni. Siyaninso fodya.

Mankhwala

Imwani mapiritsi tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino. Furosemide amakodzetsa kwambiri. Ngati akukuvutani pa shifiti, pemphani namwino akusinthireni nthawi yomwera m'malo mongosiya. Pewani ibuprofen ndi diclofenac chifukwa amasunga madzi m'thupi. Onetsani namwino mankhwala ena onse amene mukumwa, kaya ma ARV, a TB kapena azitsamba.

Dziyezeni pa sikelo

Kwerani sikelo m'mawa uliwonse mukakodza, musanadye, ndipo lembani m'kabuku. Pitani ku kiliniki tsiku lomwelo ngati:

- mwaonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku 3;
- nsapato kapena jombo zayamba kuthina;
- mukufuna mapilo ambiri kuti mugone.

Ngati mukubanika mutangokhala, mwakomoka, kapena pachifuwa pakupweteka kwambiri, imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Chipatala cha boma cha ku Boksburg ndi Tambo Memorial.

Za kuntchito

Ambiri amabisa matendawa poopa kuchotsedwa ntchito. Koma kukomoka pansi pa mgodi kapena poyendetsa makina kungaphe inuyo ndi anzanu. Uzani dokotala wa kampani, ndipo funsani ngati pali ntchito yopepuka. Kwa ogwira ntchito m'migodi, lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996 limalola kuchita apilo kwa Medical Inspector pasanathe masiku 30 ngati dokotala wanena kuti simungathenso ntchito. Oimira bungwe la ogwira ntchito angakuthandizeni.

Kuyenda pansi tsiku ndi tsiku kumathandiza mtima. Yendani mwakuti muzitha kuyankhula, ndipo pumani mukatopa.

Mukamapita kumudzi

Pemphani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi kalata yofotokoza matenda anu. Mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja. Basi ikaima pa Beitbridge kapena pa Mwanza, tsikani muwongole miyendo. Mukafika, auzeni abale anu za matendawa, chifukwa ana ndi abale a bere limodzi angafunikenso kuyezedwa mtima.