M'mimba Mukuwawa! Cabvuta N'ciani?

Kwa Mfumu Mburuma, m'boma la Luangwa, ana ambiri amakulira pafupi ndi mtsinje wa Luangwa. Amatunga madzi, amathandiza makolo kunyamula bango lolukira mphasa, ndipo amatola masau m'nyengo yozizira.

Tsiku lina mwana amadzuka atagwira pamimba. "Amai, m'mimba mukundiwawa," amatero. Sanagwe, sanamenyedwe, ndipo alibe bala. Nanga cabvuta n'ciani?

M'mimba mumawawa pa zifukwa zambiri. Mankhwala a matenda ena sacilitsa matenda ena. N'cifukwa cake anamwino a kukiliniki amayamba afufuza. Amacita monga munthu wofuna mbuzi yosowa, amene amatsata mapazi ake mpaka ataipeza.

Coyamba: amafunsa

Anamwino amafunsa mafunso ambiri. "Pakuwawa ndi pati, mwanawe? Loza ndi cala. Munayamba liti kuwawa? Unadya ciani dzulo? Madzi akumwa mumatunga kuti? Kodi umasambira kumtsinje?"

Amafunsanso za kucimbudzi. "Kodi ukutsegula m'mimba? Kodi waona magazi mumkodzo kapena m'cimbudzi?" Ana ena amacita manyazi n'kungoti, "Iai." Koma yankho lililonse lili ngati phazi la mbuzi ija. Mwana akabisa, anamwino amasocera.

Caciwiri: amaona ndi kugwira

Mwana amagona cagada pabedi. Anamwino amadina pamimba pang'onopang'ono kuti adziwe pamene pakuwawa kwambiri. Amaona ngati mimba yatupa kapena yauma. Amapima kutentha kwa thupi. Amayang'ananso m'maso ndi m'manja. Mukakhala motuwa, ndiye kuti mwina magazi acepa.

Cacitatu: amapima

Tizilombo tambiri sitioneka ndi maso. Anamwino angabaye cala ndi kutenga kadontho ka magazi kuti apime malungo, cifukwa malungo naonso amawawitsa m'mimba. Angapatsenso mwana tumabotolo tuwiri: kena ka mkodzo, kena ka cimbudzi pang'ono. Zimenezi amaziona pa makina ochedwa maikolosikopu. Makinawa amakulitsa tinthu tating'ono, ndipo mazira a tizilombo amaonekera bwino.

Kodi amapeza ciani?

Nthawi zina amapeza njoka za m'mimba. Mazira ake amakhala m'dothi. Amalowa m'kamwa mwana akadya osasamba m'manja, kapena akadya masau otola pansi osatsuka. Njoka ina imakula kuposa rula ya masentimita 30! Zina zing'onozing'ono zimalowera kumapazi a mwana woyenda wopanda nsapato. Njokazi zimaba cakudya ndi magazi, ndipo mwana amafooka n'kumasinza m'kalasi.

Nthawi zina amapeza likodzo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi, makamaka m'maiwe ndi m'madambo mmene madzi sathamanga. Tikatuluka mu nkhono, timaboola khungu la munthu amene akusamba, kucapa kapena kuwedza. Munthuyo samva kanthu. Patapita nthawi, m'mimba mumayamba kuwawa, ndipo angaone magazi mumkodzo kapena m'cimbudzi. Magazi mumkodzo si cizindikiro cakuti mnyamata wakula ai. Ndi matenda, ndipo amacira. Mankhwala ake ndi praziquantel. Azaumoyo akabwera nao kusukulu, amapima msinkhu wa mwana kuti adziwe mapiritsi omuyenera. Mwana amayamba wadya asanamwe mankhwalawa.

Nthawi zina bvuto ndi madzi akuda kapena cakudya cimene nchenche zinaterapo. Pamenepo mwana amatsegula m'mimba ndipo thupi limataya madzi. Amafunika kumwa madzi a ORS pafupipafupi.

Nthawi zinanso mwana wangodzimbidwa. Wakhala masiku angapo osapita kucimbudzi. Amafunika kumwa madzi ambiri ndi kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso.

Bvuto likapanda kupezeka tsiku loyamba, anamwino amati, "Mubwere nayenso." Mwina amatumiza mwanayo ku cipatala cacikulu, monga ca Katondwe Mission, kuti akapimidwenso.

Pamene safunika kudikira

Mwana ayenera kupita naye kucipatala msanga ngati m'mimba mukuwawa kwambiri osaleka, makamaka m'munsi ca kumanja. Ayeneranso kupita naye ngati akusanza ciliconse, ngati mimba yatupa n'kuuma, ngati thupi latentha kwambiri, kapena ngati m'cimbudzi muli magazi. Kungomupatsa mapiritsi otsala m'nyumba kumacedwetsa thandizo.

Mwana wanzeru amathandiza anamwino. Amauza makolo kapena aphunzitsi msanga. Amakumbukira tsiku limene munayamba kuwawa. Amayankha zoona popanda manyazi. Akacira, amadziteteza. Amasamba m'manja ndi sopo kapena phulusa asanadye ndiponso akacoka kucimbudzi. Amatsuka masau, amabvala nsapato, ndipo amamwa madzi owiritsa kapena othira kolorini. Sakodzera m'madzi, cifukwa kukodzera m'madzi kumapatsira anzake likodzo.

Mau atsopano

kufufuza, kudina, kupima, likodzo, kudzimbidwa, maikolosikopu

Yankhani mafunso awa

1. Chulani zinthu zitatu zimene anamwino amacita pofufuza bvuto la m'mimba.
2. N'cifukwa ciani mwana safunika kubisa yankho kwa anamwino?
3. Kodi tizilombo ta likodzo timakulira kuti?
4. Kodi mazira a njoka za m'mimba amalowa bwanji m'thupi?
5. Jambulani mwana akusamba m'manja, ndipo lembani ciganizo cimodzi pansi pake.